Myuziyamu ya ndege iyambe ndi denga, penti abwere pambuyo

A Mkonzi,

Tipatseniko danga m'nyuzipepala yanu kuti tinenepo zathu pa nkhani ya nyumba zosungiramo ndege zakale, makamaka zing'onozing'ono za m'zigawo zomwe zilibe thumba lalikulu ngati myuziyamu za m'malikulu a mayiko. Amene talemba kalatayi ena ndife amisiri okonza ndege, ena ndife osamalira zinthu zakale. Ndege ikapuma ntchito sipalephera kumveka mawu akuti "musaiphwanye, ipite ku myuziyamu ana azikaiona." Mawu abwino ndithu, ndipo ifenso timawaombera m'manja. Koma kulandira ndege si nkhani ayi, poti mwini wake amakhala akufunitsitsa kuti ichoke pabwalo, ikumudyera malo. Nkhani ili pa kuisunga zaka 50 zotsatirazo. Ife tikuti myuziyamu yaing'ono ikhale ndi ndege zochepa, zonse zili pansi pa denga, mapepala ake ali pomwepo, ana akuphunzirapo kanthu, kusiyana n'kundandalika ndege makumi awiri padzuwa n'kumaziona zikutha pang'onopang'ono.

Anthu ambiri amakhulupirira kuti aluminiyamu sachita dzimbiri. Lofiira lija la chitsulo sachita, n'zoona, koma amadyeka, ndipo wa ndege amadyeka msanga kuposa aluminiyamu wamba. Chifukwa chake n'chakuti kuti alimbe amamusakaniza: mtundu wa 2024, womwe umapezeka kwambiri pakhungu la ndege, uli ndi kopa pafupifupi 4 peresenti, ndipo wa 7075 uli ndi zinc. Zosakanizazo ndi zomwe zimayambitsa kudyeka pakangofika madzi. Opanga ndege amazidziwa izi, n'chifukwa chake malata ambiri amakutidwa mbali zonse ziwiri ndi kachigamba kopyapyala ka aluminiyamu wosasakaniza. Munthu akapala ndi sandipepala yokhakhala pofuna kuti ndege iwale, amachotsa chitetezo chimenechi osadziwa. Zizindikiro zoyamba ndi ufa woyera kapena wotuwa m'mbali mwa mariveti, matuza pa penti, ndi timizere topyapyala toyenda pansi pa penti kuchokera pamutu wa riveti. Choopsa kwambiri ndi chitsulo chikayamba kufufuma n'kumasendeka m'magawomagawo. Chimenechi chikapezeka pa mtanda waukulu womwe umanyamula phiko lonse, dziwani kuti vuto linayamba kalekale.

Malo oyamba kuyang'ana ndi pansi pa thupi la ndege, kunsi kwa matabwa opondapo, kumene madzi onse amakadikha. Kenako pafupi ndi chimbudzi ndi kakhitchini, pansi pa batire, m'mapanga momwe mawilo amalowa, m'njira ya utsi wa ekizozi, ndi paliponse pamene bauti yachitsulo yakhudzana ndi aluminiyamu, chifukwa zitsulo ziwiri zosiyana zikagundana pali chinyezi, china chimadya chinzake. Magnesium, wopezeka m'mawilo ndi m'zikamba za mainjini a ndege zakale zambiri, ndiye amagonja koyambirira. Ndege imene ikugwira ntchito imaonedwa ndi amisiri kawirikawiri ndiponso mphepo imaiwomba. Yongoima panja imachita thukuta: masana m'kati mumatentha, usiku khungu limazizira, mame n'kugwa m'kati momwemo. Zofunda zotchinga kuzizira ndi phokoso, zomwe zili kuseri kwa makoma, zimamwa madziwo n'kuwagwiriza pachitsulo miyezi yathunthu.

Izi si zoopseza chabe. Ndege yaikulu yonyamula katundu ya Blackburn Beverley inaima zaka zambiri panja pa RAF Museum, myuziyamu ya gulu lankhondo lamumlengalenga la Britain, ku Hendon, mumzinda wa London, ndipo mapeto ake inadulidwadulidwa n'kusanduka sikilapu. Lero padziko lonse yatsala Beverley imodzi yokha. Ngati zinachitika ku myuziyamu ya dziko lolemera, kuli bwanji ku kakomiti ka anthu odzipereka? Ena amaloza Pima Air and Space Museum ku Tucson, Arizona, komwe ndege zambirimbiri zili panja. Kumeneko ndi kuchipululu, mvula ndi yochepa, mpweya ndi wouma, dothi ndi lolimba, n'chifukwa chake asilikali a America amasungira ndege zawo zopuma pafupi pomwepo, ku Davis-Monthan. Nakonso dzuwa limapsereza penti ndi mawindo. Dera la mvula yambiri kapena la m'mphepete mwa nyanja yamchere silingatengere chitsanzo chimenecho.

Ndiye choyamba ndi denga, ndipo liyezedwe ndege isanalandiridwe. Douglas DC-3, yomwe inauluka koyamba pa 17 Disembala 1935 ndipo myuziyamu zambiri zimailakalaka, mapiko ake kuchoka nsonga ina kufika ina ndi mamita 29, mulitali pafupifupi mamita 20, msinkhu wopitirira mamita asanu. Cessna 172, ndege yaing'ono, mapiko ake ndi mamita 11 okha. Shedi yokwana DC-3 imodzi ikhoza kusunga ndege zazing'ono zinayi kapena zisanu, malo a mainjini ndi benchi n'kutsalabe. Denga lamalata lopanda chotchinga kunsi kwake limadontha mame m'mamawa, choncho paikidwe zotchinga ndi mipata yotulutsira mpweya wotentha pamwamba. Simenti yapansi ithiridwe pamwamba pa pulasitiki kuti chinyezi cha m'dothi chisakwere, ndipo mipata yonse itsekedwe ndi waya wa sefa, chifukwa zitosi za mbalame zimadya penti ndi aluminiyamu yemwe. Chinyezi cha mumpweya chikhale pakati pa 40 ndi 60 peresenti. Chikapitirira 65, nkhungu imayamba pa nsalu, zikopa ndi mapepala. Chikatsika kwambiri matabwa amang'aluka, guluu n'kulekana. Choipa kuposa zonse ndi kukwera ndi kutsika tsiku ndi tsiku. Kachipangizo koyezera chinyezi si kodula. Kapachikidwe kutali ndi khomo, wina azilemba manambala ake m'mawa ndi madzulo chaka chonse, ndipo za makina oumitsa mpweya zidzakambidwe manambalawo ali patebulo.

Tikudziwa kuti pali ndege zikuluzikulu zomwe sizingalowe m'nyumba msanga. Zoterozo zisaime pa udzu kapena padothi. Kulemera kuchotsedwe pa matayala: ndege ikwezedwe ndi majeke pamalo okhawo amene buku la wopanga lasonyeza, n'kukhazikidwa pa miyendo yachitsulo pansi pa ma-axle, zitsulo zomwe mawilo amazungulirapo. Kuika jeke pena paliponse ndiko kubowola khungu. Ngati mainjini achotsedwa, ndege ya wilo lakutsogolo nthawi zambiri imapepuka kumphuno n'kukhala pansi ndi mchira, ndiye kumphunoko kumangiriridwe cholemera chouma, osati matumba a mchenga omwe amasunga madzi. Imangidwe ku mphete zozikika mu simenti, kumapiko onse awiri ndi kumchira. Phiko siliiwala ntchito yake. Cessna yodzaza imanyamuka pa liwiro la makilomita pafupifupi 100 pa ola, ndiye yopanda anthu, yopanda mafuta, chimphepo chocheperapo chikhoza kuitembenuza chagada. Zowongolera za kumapiko ndi kumchira zipanidwe kuti zisamamenyeke.

Mwezi uliwonse wina ayende pansi pa ndege ndi kamtengo kosongoka, atokose timabowo totulutsira madzi tomwe tili kunsi kwa thupi, mapiko ndi zowongolera. Timatsekeka ndi fumbi, ndipo penti watsopano amatitsekeratu ngati wopenta sanauzidwe. Ntchito yonyozeka imeneyi ndi yomwe imapulumutsa ndege zambiri, koma ndi yomwenso imayamba kuiwalika chisangalalo cha tsiku lotsegulira chikatha. Zofunda za m'makoma zija zichotsedwe, ziumitsidwe, zilembedwe manambala, zisungidwe padera. Pakamwa pa injini, ekizozi ndi timapaipi ta pitot, toyezera liwiro la ndege, patsekedwe, popeza mbalame, makoswe ndi mavu omanga ndi dothi amapeza nyumba pomwepo, ndipo mkodzo wa khoswe umadya aluminiyamu koopsa. Kukuta ndege yonse ndi malona kumaoneka kwanzeru koma ayi, malona amasunga chinyezi ndipo mphepo ikamawagwedeza amapala penti. Itsukidwe miyezi itatu iliyonse ndi madzi ambiri ndi sopo wosaluma, osati ndi makina opopera mwamphamvu, omwe amakankhira madzi m'malumikiziro a malata n'kutsuka girisi m'maberingi. Mawindo ambiri ndi a acrylic, si galasi: madzi, sopo ndi nsalu yofewa basi. Thinner, petulo kapena mankhwala okhala ndi ammonia amawachititsa timing'alu tambirimbiri. Kamodzi pachaka, m'kati mwa mapiko ndi pansi pa thupi mupoperedwe mafuta oletsa dzimbiri, monga ACF-50 kapena LPS 3.

Pomwe dzimbiri lapezeka, jambulani malowo kaye. Chotsani penti pamalo okulirapo kuposa pomwe paonekera, palani ufa wonse ndi chopalira cha nayiloni mpaka chitsulo chiwale, n'kuyang'ana ndi galasi lokulitsa ngati patsala timaenje takuda. Bulashi yachitsulo ndi waya wopalira zisayandikire, zimasiya tizitsulo tomwe timayambitsa dzimbiri latsopano. Yezani kuti chitsulo chatha motani. Pa mtanda wa phiko, ngakhale ndege sidzaulukanso, mmisiri aone ngati ungathe kunyamulabe phikolo pamwamba pa mitu ya alendo. Kenako mankhwala otetezera aluminiyamu monga Alodine, primer (penti woyamba wapansi), penti pomaliza. Tsiku, malo, mankhwala ndi dzina la wogwira ntchitoyo zilowe m'buku.

Koma mwana aliyense asanayandikire, ndege iphedwe kaye mphamvu zonse zomwe zatsalamo. Apa ndi pamene anthu odzipereka, a mtima wabwino, amavulala. Mafuta atsanulidwe ndipo matanki apitidwe mphepo mpaka chida choyezera chisonyeze kuti mulibe nthunzi, poti tanki yooneka yopanda kanthu ndi yomwe imaphulika. Batire lichotsedwe. Ma-hydraulic a ndege zambiri amagwira ntchito pa 3,000 psi (muyeso wa mphamvu yopanikiza), ndipo mabotolo ake osungira mphamvu amatha kuisunga nthawi yaitali, kotero kuti mwana akakoka chogwirira m'kati, chitseko cha mawilo chikhoza kupana munthu woima pansi. Mabotolo a okosijeni amakhala pa 1,800 psi kapena kuposerapo, ndipo okosijeni wopanikizidwa akakumana ndi girisi moto umabuka wokha. Tayala la ndege yaikulu limakhala ndi mpweya wofika 200 psi, mawilo ake ndi a zigawo ziwiri zomangidwa ndi mabauti. Womasula mabautiwo asanaphwetse tayala akhoza kufera pomwepo. Ndege zankhondo zili ndi mipando yoponyera woyendetsa kunja, yomwe ili ndi wonga, ndipo mabotolo ozimitsira moto a m'mainjini nawo ali ndi tizida tophulika towatsegulira. Zimenezi achotse ndi akatswiri a zida okha, apereke kalata yotsimikiza. Injini ya mapisitoni nayo ikhoza kulira pulopela ikangotembenuzidwa ndi dzanja ngati kawaya kozimitsira magneto, chida chopatsa mapulagi moto, kaduka, chifukwa magneto safuna batire.

Pali zinanso zosaoneka ndi maso. Mawotchi ambiri a m'chipinda cha woyendetsa, opangidwa mpaka cha m'ma 1960, analembedwa ndi penti wa radium kuti aziwala usiku. Kuwalako kunatha kalekale, koma radium sanathe: pamatenga zaka 1,600 kuti mphamvu yake itsike ndi theka. Mawotchi ayesedwe ndi Geiger counter, chida choyezera cheza choopsa chotuluka mu radium, asatsegulidwe, a galasi losweka akulungidwe m'matumba apulasitiki awiri, ndipo asaunjikidwe m'kabati yotseka chifukwa amatulutsa mpweya woopsa wa radon. Asbestos amapezeka pa zotchinga moto, pa ekizozi ndi m'mabuleki. Primer wachikasu kapena wobiriwira uja ali ndi chromate, yemwe fumbi lake limayambitsa khansa, choncho wopala avale chophimba kumphuno choyenera. Ndipo Boeing 747 zoyambirira zinali ndi zolemera za uranium kumchira.

Za kusamutsa ndege tinene mwachidule. Phiko la DC-3 limamangidwa ndi mabauti oposa 300 mbali iliyonse, ndipo onsewo amamasuka ngati pali kuleza mtima. Chilichonse chomasulidwa, paipi, waya, chingwe chowongolera, chijambulidwe n'kumangiriridwa kachikwangwani mbali zonse ziwiri. Msewu uyendedwe kaye poyeza milatho, mawaya amagetsi ndi makona. Wina akangoti "tidule phiko ndi girayinda, tikawotcherera tikafika," ndegeyo yatha, chifukwa aluminiyamu wa 2024 ndi wa 7075 sawotcherereka bwino, ndipo mtanda wodulidwa subwereranso.

Ndege ikafika, chilakolako cha aliyense ndi kuipenta kuti inyezimire tsiku lotsegulira. Apa ndiye timasemphana kwambiri ndi makomiti. Penti wopakidwa pamwamba pa dzimbiri ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Komanso penti wakale, zigamba, malemba a amisiri olembedwa ndi pensulo kuseri kwa zitseko, zonsezo ndi umboni, ndipo ukapalidwa subwerera. Fleet Air Arm Museum ku Yeovilton, ku England, inachita zosiyana ndi ndege yake ya Corsair KD431: m'malo moipentanso, inachotsa pang'onopang'ono penti yemwe anapakidwa m'ma 1960 mpaka kuonekera wa nthawi ya nkhondo, ndi zokandika zake zomwe. RAF Museum imaonetsa Halifax yomwe inavuulidwa m'nyanja ya Hoklingen ku Norway mu 1973, osaimanganso kuti ioneke yatsopano. Dornier Do 17 yomwe inavuulidwa m'nyanja pa Goodwin Sands, kufupi ndi England, mu 2013 inakhala nthawi yaitali ku Cosford ikupoperedwa madzi a citric acid, palibe amene anathamangira bulashi ya penti. Sitikunena kuti kupenta n'kulakwa; ndege yoima panja imafuna penti ngati chitetezo. Koma ipakidwe mitundu yomwe inavaladi, ndi nambala yake yeniyeni, osati kuiveka dzina la ndege ina yotchuka pofuna kukopa alendo. Chatsopano chilichonse choikidwapo chidindidwe chizindikiro, kuti odzabwera m'mbuyomu adzasiyanitse chenicheni ndi chongowonjezera.

Funso lina silichedwa kubwera: bwanji osaiulutsa? Ndege youluka imadya ziwalo zake zoyambirira. Chilichonse chotha chimasinthidwa, ndipo pakapita zaka chotsala cha ndege yoyamba ija ndi kachitsulo ka nambala. Avro Vulcan XH558 inabwerera m'mwamba mu 2007 ndi ndalama zosonkha kwa anthu, koma mu 2015 inatera komaliza makampani omwe ankaiyimira pa zaumisiri atasiya. SAAF Museum ya ku South Africa, ku Swartkop, pafupi ndi Pretoria, imaulutsa zina mwa ndege zake chifukwa kumbuyo kwake kuli gulu lankhondo lamumlengalenga. Myuziyamu yaing'ono ilibe msana wotero. Ngakhale kungoliza injini pansi mphindi zisanu mwezi ndi mwezi kumaononga, chifukwa oilo safika kutentha kwa madigiri pafupifupi 80 kumene kumachotsa madzi, ndiye madzi ndi asidi zimatsalira m'kati n'kumadya masilinda ndi camshaft. Ndi bwino kuigoneka: oilo wakale atsanulidwe, alowe woteteza, m'silinda iliyonse mupoperedwe, mapulagi asinthidwe ndi okhala ndi silica gel, mabowo atsekedwe, ndipo pulopela isatembenuzidwenso poti pisitoni imapukuta oiloyo. Silica gel wabuluu akasanduka wapinki ndiye kuti wakhuta madzi, asinthidwe.

Zonsezi n'zachabe ngati ndegeyo siphunzitsa. Ndege yotchingidwa ndi chingwe, pali chikwangwani cha dzina ndi chaka, imangophunzitsa kuti ndege ndi yaikulu. Myuziyamu ya m'chigawo ili ndi mwayi womwe zikuluzikulu zodzaza alendo zilibe: kalasi ya ana 30 ikhoza kugawidwa m'timagulu ta asanuasanu, aliyense n'kugwira ndi manja ake. N'chifukwa chake pakhale ndege imodzi ya mtundu wosasowa, ngati Cessna yotha ntchito, yoperekedwa dala kuti izigwiridwa, zosowazo zitetezeke. Pa ndege yogwiridwayo chotsani khungu la kunsi kwa phiko limodzi, muikepo pulasitiki woonekera, ana aone mtanda, nthiti, zingwe ndi mapule. Mmodzi akhale pampando apotoze chiwongolero, anzake aone aileron, chowongolera cha kumapiko, ina ikukwera ina ikutsika.

Masamu ndi sayansi za kusekondale zili ponseponse m'shedimo. Ikani sikelo pansi pa wilo lililonse, ana ayeze mtunda wa wilo lililonse kuchokera pamalo amodzi osankhidwa, achulukitse kulemera ndi mtunda, aphatikize, agawe ndi kulemera konse. Apeza pomwe ndege imadendekera. Ndiye aike thumba la makilogalamu 20 kumbuyo, awerengenso, aone okha chifukwa chake katundu wa m'ndege sapakiridwa mwachisawawa. Altimeter (wotchi yoyezera msinkhu) yotha ntchito, yopanda radium, iikidwe m'botolo lalikulu lotseka, mpweya ukokedwemo pang'ono, muvi ukwera anthu ali pansi. Apo mphunzitsi anene kuti pamsinkhu wa nyanja mpweya umapanikiza pa 1,013 hPa, umatsika ndi 1 hPa pa mamita pafupifupi 8 alionse okwera, ndipo kutentha nako kumatsika madigiri 6.5 pa kilomita. Zikatero mwana amvetsa chifukwa chake bwalo la O.R. Tambo ku Johannesburg, lomwe lili mamita pafupifupi 1,700 pamwamba pa nyanja, lili ndi msewu wa ndege wopitirira makilomita anayi: mpweya wopepuka umachepetsa mphamvu ya injini ndi ya phiko. Ndi fani, bokosi, timapaipi toongola mphepo ndi kasikelo, gulu likhoza kuona kuti liwiro likawirikizidwa kawiri, mphamvu yonyamula phiko imawirikiza kanayi. Abale a Wright nawonso anayesera mapiko awo m'bokosi lamphepo mu 1901, asanauluke masekondi 12 aja pa 17 Disembala 1903.

Pano tipempheko olemba zikwangwani. Lekani kulemba kuti mpweya wodutsa pamwamba pa phiko umathamanga pofuna kukakumana ndi unzake wa pansi kumapeto kwa phiko. Si zoona. Wa pamwamba umafika msanga, ndipo sudikira unzake. Phiko limapatutsira mpweya pansi, kupanikiza kumachepa pamwamba n'kuchuluka pansi, ndege n'kunyamuka. Bodza limeneli lili pamakoma ambiri, ndipo mwana wochenjera amaligwira pongofunsa kuti nanga ndege zamasewera zimauluka bwanji chagada.

Achinyamata a m'sukulu zaumisiri apatsidwe benchi. Kukhoma riveti kuli ndi malamulo omveka: kunenepa kwa riveti kukhale pafupifupi katatu kuchindikala kwa lata, bowo litalikirane ndi m'mphepete kosachepera kawiri kunenepa kwa rivetiyo, mbali yotulukira kuseri italike kamodzi ndi theka, ndipo ikakhomedwa mutu wake utambalale kamodzi ndi theka, msinkhu theka. Waya womangira mabauti, wa mainchesi 0.032, apotedwe ka 6 mpaka ka 8 pa inchi, ndipo azikoka bauti kumbali yomangira, osati yomasulira. Sipanala iliyonse ikhale ndi chithunzi chake pabolodi, ndipo palibe woweruka ngati imodzi yasowa. Ambiri mwa achinyamatawa sadzagwira ntchito pa ndege, tikudziwa, koma khalidwe lowerenga zida ndi kusainira chomwe wachita limafunika m'garaja, m'fakitale ndi m'chipatala momwe. Auzidwenso kuti kumbuyo kwa woyendetsa mmodzi kuli amisiri a mainjini ndi a magetsi, owongolera ndege pansanja, olosera zanyengo ndi ozimitsa moto.

Ngozi zisabisidwe, poti malamulo ambiri a ndege anabadwira pamenepo. Pa 30 Okutobala 1935 ndege yoyesera ya Boeing Model 299 inagwa ku Wright Field itangonyamuka, chifukwa chopanira zowongolera chinaiwalika chili chotseka. Ndandanda yomwe oyendetsa amawerenga asananyamuke inakhazikika pambuyo pa ngoziyo. Ndege ziwiri za de Havilland Comet zinaphwasukira m'mwamba mu 1954, ndipo akatswiri ofufuza ku Farnborough, ku England, anamiza thupi la Comet ina m'tanki yamadzi, n'kumalipopa ndi kuliphwetsa mobwerezabwereza mpaka linang'ambika pangodya ya windo. Mwana apatsidwe kawaya apinde uku ndi uku mpaka kathyoke, kenako aonetsedwe ngodya zozungulira za windo la ndege ya lero. Lata lodyeka lomwe amisiri achotsa pa ndege ya myuziyamu nalo lisatayidwe. Liikidwe pafupi ndi nkhani ya Boeing 737 ya Aloha Airlines, yomwe denga lake linasupuka ili m'mwamba ku Hawaii pa 28 Epulo 1988 chifukwa cha ming'alu ndi dzimbiri m'malumikiziro a malata.

Chomwe chimasiyanitsa myuziyamu ya m'chigawo ndi mulu wa ndege ndi mapepala. Ma-DC-3 alipo ambiri padziko. Chosowa ndi mbiri ya iyiyi, inkatera mabwalo ati, inkanyamula makalata kapena odwala, ankaikonza ndani. Ndege ikamaperekedwa, ma-logbook (mabuku olembamo maola ndi zokonzedwa) a thupi, a injini ndi a pulopela, mabuku okonzera ndi kachitsulo ka nambala zibwere nayo tsiku lomwelo, chifukwa zikatsalira zimatayidwa ofesi ikamasesedwa. Mapepala asungidwe m'mabokosi opanda asidi, tizitsulo tomangira tichotsedwe, selotepi ndi lamineshoni zisayandikire, manambala alembedwe ndi pensulo. Mayunifolomu ndi mapu asawalitsidwe kupitirira 50 lux (muyeso wa kuwala). Amisiri ndi ogwira ntchito m'ndege opuma ajambulidwe mawu ali moyo, ataima pafupi ndi ndegeyo, poti amakumbukira zambiri akamaloza ndi chala kuposa atakhala m'ofesi. Zithunzi zikoperedwe pa 600 dpi, makope akhale atatu, limodzi likhale kunyumba ina.

Kope la kunyumba ina lija tikunena chifukwa cha moto. San Diego Aerospace Museum inapsa mu 1978, ndege zake ndi laibulale yake zinathera pomwepo, ndipo Canadian Warplane Heritage Museum ku Hamilton inataya ndege zisanu pa moto wa 1993. Malo okonzera, okhala ndi penti, thinner ndi kuwotcherera, alekanitsidwe ndi khoma ndi malo oonetsera, makamaka ngati pali ndege zansalu, popeza mankhwala a nitrate oumitsira nsalu amayaka mofulumira kwambiri. Mafilimu akale a nitrate nawo, omwe akayaka madzi sawazimitsa, asasungidwe m'shedi ya ndege. Chiwalo chilichonse chilembedwe m'kaundula ndi nambala yake, kuti ndege ya myuziyamu isasanduke sitolo ya masipeyala. Chiwalo chotha moyo chikabedwa n'kugulitsidwa ndi mapepala abodza chimakalowa m'ndege yonyamula anthu, ndipo zomwe ziwalo zachinyengo zimachita zinaoneka pa Convair ya Partnair yomwe inagwera m'nyanja pafupi ndi Denmark pa 8 Sepitembala 1989, kupha anthu 55. Mabauti a kumchira kwake sanali enieni.

Choncho komiti iliyonse, isanavomere mphatso ya ndege, ifunse mafunso angapo n'kulemba mayankho ake. Kodi ndegeyi ili ndi mbiri yokhudza chigawocho? Umwini wasamutsidwa ndi kalata, yachotsedwa m'kaundula wa ndege zouluka, ilibe ngongole kapena msonkho woitsata? Ikwana pansi pa denga lomwe lilipo lero, osati lomwe lalonjezedwa? Adzatokose timabowo tija mwezi ndi mwezi zaka khumi zikubwerazo ndani? Ngati mayankho sakukhutiritsa, palibe manyazi kutenga mbali yakutsogolo yokha, injini imodzi ndi ma-logbook, zotsalazo n'kuzisiya. Chipinda cha woyendetsa chomasulidwa pamalumikiziro a wopanga chimakwana m'holo wamba, ana amalowamo awiriawiri, ndipo anthu awiri odzipereka akhoza kuchisamala popanda kireni.

Ife anu,
Amisiri okonza ndege ndi osamalira zinthu zakale